Mkute Wodyedwa Pakati pa Usiku

Kuyamikidwa konse nkwa Allah, Mwini kupatsa, amene amameretsa chimanga m'minda ya Fíngoè ndi Chiputo, nadzaza kapenta m'nyanja ya Cahora Bassa. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad, pa akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Akapolo a Allah, funso la Ijumaa ino lingaoneke laling'ono. Munthu amene amasala kuyambira m'bandakucha kufikira dzuwa litalowa, masiku 29 kapena 30 a Ramadhan, mtsuko wa madzi uli pambali pake ndipo womuona palibe, n'chifukwa ninji amagonja pakati pa usiku pamaso pa mbale ya mkute? Mphamvu yodziletsa anali nayo masana. Kukada imapita kuti?

Ena adzati nkhani ya kudya mopyola muyezo njosayenera ku Marávia, ndipo sitiwatsutsa msanga. Chilala cha 2024 sitinachiiwale, pamene mbewu zinafota m'chigawo cha Tete ndipo makomo ambiri anagona osapala moto. Koma njala ndi kususuka zimakhala mudzi umodzi, nthawi zina nyumba imodzi. Yemwe anamanga lamba mu Febuluwale ndi yemweyo amene, fodya akagulidwa, amadya ngati akulipsira miyezi imene anavutika. Mimba siisunga za dzulo. Zimene tikuiwonjezera lero sizifafaniza njala ya chaka chatha, zimangosanduka mtolo wa mawa.

Palinso china chimene tinakula nacho. Kwathu kuno kuuza munthu kuti wanenepa ndi kumuyamikira, ndipo m'zaka zimene Edzi inkatha anthu, wowonda ankalozedwa chala. Nzosadabwitsa kuti ambiri amaopa kutsika thupi kuposa kukwera. Komatu kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique anapeza mu 2005 kuti akuluakulu 33 mwa 100 alionse anali ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo patapita zaka khumi anafika pa 39. Matendawa, pamodzi ndi a shuga, salira belu pobwera. Kunenepa kopyola muyezo ndi limodzi mwa makomo amene amalowera.

Chisilamu sichidana ndi chakudya. Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, analangiza kuti chakudya chamadzulo chikaikidwa nthawi ya swala itakwana, tiyambe tadya, kuti mtima usakhale m'mbale mphumi ili pansi. Ndime 31 ya Surat Al-A'raf imaloleza kudya ndi kumwa, ndipo pomwepo imaletsa kupyola malire. Mu hadith imene anailandira Miqdam ibn Ma'dikarib, yosungidwa ndi Tirmidhi ndi Ibn Majah, mimba yagawidwa patatu: malo a chakudya, malo a chakumwa, ndi malo opumira. Imam Al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, anaona chilakolako cha mimba ngati kasupe wa zilakolako zinzake, moti wochigonjera amavutikanso kuletsa maso, lilime ndi dzanja.

Yankho la funso lathu lili pa niya ndi pa malire. Masana a Ramadhan tinanena mumtima chimene tikuchita ndi Amene tikumuchitira, malire ake ngodziwika, ndipo mzikiti wonse ukusala nafe. Usiku wamba ulibe zimenezi. Palibe chimene tinatsimikiza, choncho palibe chimene tikuona kuti tikuswa. Dzanja limangopita ku mtedza, ku mandasi otsala, ku botolo la chakumwa chotsekemera, maso ali pa foni kapena pa mpira. Kawirikawiri imeneyo si njala. Ndi tulo tosowa, ndi nkhawa ya ngongole, ndi kusungulumwa kumene kwavala malaya a njala. Yeso lake nlapafupi: munthu adzifunse ngati angalandire nsima yozizira ya nkhwani wopanda nsinjiro. Wanjala amailandira ndi manja awiri. Amene akufuna zokazinga zokha, chimene chikumuvuta chili kwina, ndipo chidzakhalapobe mbale ikatha.

Thupi nalo lili ndi kayendedwe kake. Uthenga wa kukhuta umatenga mphindi pafupifupi 20 kuti ufike ku ubongo, kotero wodya mothamanga amadutsa malire asanamve. Wogona atangodya amadzuka ndi chilungulira, n'chifukwa chake a chipatala amalangiza kusiya maola awiri kapena atatu pakati pa mbale ndi mphasa. Wogona mochedwa amadzuka ndi chilakolako chachikulu cha zotsekemera. Nanga adhana ya Fajr imamveka bwanji kwa munthu amene anadzaza mimba 12 koloko usiku? Mtumiki sankakonda macheza a pambuyo pa Isha, ndipo amene angatsate zimenezi adzapeza kuti watseka khomo lalikulu la vutoli osalimbana nalo. Za shuga tingonena kuti bungwe la World Health Organization limati wamkulu asapyole timasupuni pafupifupi 12 patsiku, pamene chitini chimodzi cha chakumwa chija chingakhale ndi oposa 8, tiyi wam'mawa tisanamuwerenge.

Koma cholemera kwambiri pa nkhaniyi si sikelo. Mkute umene mayi anavundikira madzulo unali ndi mwini wake. Unali wa mwana amene adzalawirire kusukulu kapena kumadrasa, unali wa wokapalira kumunda dzuwa lisanatuluke. Bambo amene wauvundukula usiku sanabe, pakuti chimanga analima yekha, komabe wadya gawo la munthu amene anali m'tulo ndipo sakanatha kudzinenera. Hadith imachenjeza za wogona chokhuta mnansi wake ali ndi njala iye akudziwa. Nanga mnansiyo akakhala mwana wa m'nyumba momwemo? Thupi ndi amana imene tidzafunsidwa, chakudyanso ndi amana, ndipo kudya kwa usiku kumakhudza zonse ziwiri nthawi imodzi.

Tisatuluke muno ndi ndodo yokwapulira anzathu. Alipo onenepa amene amadya pang'ono, alipo owonda osusuka, ndipo kuseka thupi la Msilamu mnzathu ndi tchimo lodziwika bwino kuposa mandasi aja. Kuyang'anira thupi nakonso kukasanduka kudzionetsera, kapena kudzizunza ndi njala kufikira kulephera kugwira khasu, kwapyola malire omwewo kumbali ina.

Si kudya konse kwa usiku kumene tikukunena. Dakwi imadyedwa kusanache ndipo ili ndi madalitso. Msodzi wa kapenta amene amachezera pamadzi ndi nyali, mlonda, mayi woyembekezera ndi woyamwitsa, onsewa usiku ndi nthawi yawo ya ntchito kapena ya kusowa kwenikweni, ndipo adye. Amene akumwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulin asadule chakudya chausiku chifukwa cha khutuba ino, pakuti shuga akatsika kwambiri m'tulo munthu akhoza kukomoka. Ayambe wafunsa kuchipatala kumene amalandira mankhwalawo.