Langizo la Tsiku la Tsoka

Pakati pa malangizo onse amene akuluakulu a mpingo amapereka kwa ana ndi kwa akulu omwe, palibe langizo limene limabwerezedwa kawirikawiri, kapena limene anthu amalimva mopotoka, kuposa lija lakuti Mulungu sachoka pa munthu wake ngakhale tsiku la tsoka. Ambiri amaliyesa mawu opepesera chabe, onenedwa pa maliro pamene pakamwa pasowa china choti panene. Koma amene anakhala pa mphasa pamaso pa alangizi akudziwa kuti mawuwa ali lamulo la khalidwe, lomanga wovutikayo pamodzi ndi anansi ake.

Makolo athu sanali osadziwa Chauta, pakuti mvula ikakana ankanka ndi nsembe ku Msinja kwa Makewana, ndipo a kumunsi kwa Shire ankanka ku Khulubvi kwa Mbona. Koma pa zowawa za m'nyumba imodzi, monga nthenda, kusabala kapena imfa ya mwana, kawirikawiri ankathamangira kwa mizimu ndi kwa woombeza ula. Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Mvera m'chaka cha 1889, ndipo makamaka Buku Lopatulika lonse litasindikizidwa m'chinenero chathu mu 1922, anthu anadziwerengera okha za Yosefe amene Yehova anali naye m'dzenje ndi m'kaidi momwe, ndi za Yobu amene anatsala pa phulusa wopanda ana ndi zoweta. Ndipo mpingo utakhazikitsa chilangizo chake m'malo mwa chinamwali cha kumudzi, nkhani zimenezi zinalowa m'kamwa mwa alangizi, nizisanganikirana ndi miyambi ya makolo.

Chinthu choyamba chimene mlangizi amafuna kwa munthu wogwa m'tsoka ndicho kudekha. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, mtima umafunsa msanga kuti, "Wachita zimenezi ndani?" ndipo funso limeneli lapasula midzi yambiri, lathamangitsa nkhalamba zosalakwa, ladanitsa ana a mimba imodzi. Mlangizi sakana kuti chisoni n'chowawa, ndipo saletsa misozi. Chimene amaletsa ndicho kunyamuka usiku kukafuna wolodza. Amati, "Mwana wanga, ngati Ambuye ali nawe m'nyumba muno, ukukafunanso yani kwa sing'anga? Kuona maso a nkhono n'kudekha." Kunena kwake n'kwakuti iye amene akhulupiriradi kuti sanasiyidwe yekha alibe chifukwa chodzibwezera ndi dzanja lake.

Momwemonso ndi njala. Amene anaona njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri dera la Blantyre mvula itakana, ankasimba za amuna amene anachoka kunka kosuma chakudya kwa abale awo nasabwereranso, kusiya akazi ndi ana akukumba mizu m'tchire. Akulu a mpingo akamakumbutsa anyamata olowa m'banja za zoterezi, amawauza kuti Iye amene sasiya munthu ndi yemweyonso amene munthu sangamubisalire, kotero kuti mwamuna ali ku Joni kapena ku Harare, kutali ndi maso a ankhoswe, ali pamaso pa mboni yomweyo imene inamva malumbiro ake.

Komatu pano pali msampha, ndipo sindiona chifukwa choubisira. Alipo alangizi ena amene asandutsa langizo lokomali kukhala chingwe chomangira mkazi womenyedwa, namuuza kuti banja ndi kupirira, Mulungu akuona. Kupirira umphawi, matenda a mwamuna, kapena zaka zosaona mwana, ndiko kupirira kumene Malembo akuyamika. Koma kukhala chete pamene mnzako akukuthyola nthiti sikuopa Mulungu, ndipo mlangizi wanzeru amauza namwali poyera kuti ankhoswe ndi akulu a mpingo anaikidwira zomwezo. Ngati Mulungu akuona, ndiye kuti akuonanso dzanja lomenyalo, ndipo woyenera kunjenjemera ndi mwini dzanja.

Koma mbali yolemera ya langizoli imagwera ife amene tsoka latilambalala lero. Pitani pa siwa usiku: amuna ali panja mozungulira moto, amayi a Chigwirizano kapena a Mvano adzaza m'nyumba, atsamirana pa mphasa, wina wagwira namfedwa paphewa, wina akuyambitsa nyimbo pamene ina yangotha kumene, kufikira tambala woyamba. M'mawa mwake muona wina watula kalichero ka ufa, wina mtolo wa nkhuni, wina ndowa ya madzi, adzukulu ali kale kumanda ndi makasu. Wamasiye amene wauzidwa kuti Ambuye ali naye amakhulupirira mawuwo chifukwa cha mapewa amene amutsamirawo. Ndipo munthu amene amanena mawuwa ali chiimire pakhomo, nabwerera kwawo dzuwa lisanalowe, amawapeputsa, angakhale atawanena mokoma chotani. Maliro n'kulirana, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chifukwa chake alangizi okhwima sawerengera kwambiri tsiku loika maliro, pamene aliyense amabwera poopa manyazi, koma masabata otsatira, anthu atabalalika ndi achibale a malemu atayamba kuwerenga mbuzi ndi malata a padenga. Pamenepo mpamene mlangizi amatuma atsikana kukatungira mayi wamasiye madzi, nauza anyamata a mpingo tsiku lokamulimira, ndipo akamva kuti alamu ayamba kutulutsa katundu, amatenga mkulu wa mpingo napita naye kwa nyakwawa mlandu usanakule.