Umboni wa pa chithunzi

Mwachilengedwe dera la Ekurhuleni ndi la udzu. Mitengo yambiri ya ku Benoni ndi ku Springs, monga bulugamu, ndi yochita kubzala. Pansi pake, m'masamba oola, mumakhala tintchentche tochepa kuposa njere ya mpunga. Tiyerekeze kuti wina wajambula kamodzi ndi foni pafupi ndi dziwe la Korsman ku Benoni, waika chithunzicho pa iNaturalist, ndipo wapereka dzina. Inu mwachiona, dzinalo likuoneka ngati loona. Kodi muvomereze?

Funsoli si lamasewera. Pa iNaturalist, anthu awiri akangogwirizana dzina popanda wotsutsa, chithunzi chimalowa m'gulu la zodalirika pa kafukufuku, ndipo chingatumizidwe ku GBIF, nkhokwe imene asayansi a dziko lonse amatapamo. Kuvomereza kwanu ndi umboni.

Vuto n'lakuti mitundu ya ntchentche yodziwika imaposa 150,000, ndipo yambiri imafanana ngati mapasa. Chithunzi chabwino chimaonetsa mitsempha ya m'mapiko ndi tiubweya tolimba ta pamutu, zimene zingakuuzeni banja, monga Lauxaniidae kapena Mycetophilidae. Koma kuti mudziwe mtundu weniweni, nthawi zambiri pamafunika kupha yaimuna n'kuyang'ana ziwalo zake zoberekera pa maikulosikopu. N'chifukwa chake KwaZulu-Natal Museum ku Pietermaritzburg imasunga ntchentche zobayidwa pa timapini. Ngakhale buku lalikulu la Manual of Afrotropical Diptera, lomwe linayamba kutuluka mu 2017, kawirikawiri limakufikitsani pa gulu la mitundu yapachibale basi.

Wina angati: palibe wafa, ndiye cholakwa n'chiyani? Akatswiri ndi ochepa, zithunzi n'zambirimbiri, ndipo dzina loyerekeza limaposa kusowa dzina. Mfundoyi ili ndi mphamvu, pakuti kuyerekeza ndi poyambira kudziwa. Woyamba uja sanalakwe kupereka ganizo lake.

Wachiwiri ndiye ali pa mlandu wina. Pabwalo la mfumu, mboni ziwiri zimalemera chifukwa aliyense anaona ndi maso ake. Wachiwiriyo akangobwereza zimene wamva kwa woyamba, mboni ndi imodzi, koma bwalo liwerenga ziwiri. Sananene bodza mwadala, komabe wanamiza anthu. Mawa wofufuza adzalemba kuti mtundu wakutiwakuti umapezeka ku Gauteng, ndipo kantchentche kamene mwina sikanatchulidwepo dzina ndi kale lonse kadzabisika m'dzina la kanzake.

Ulemu umene tingapatse kachilombo kotere ndi kulekeza pamene maso athu alekeza. Ngati chithunzi chikuonetsa banja, lembani banja, n'kunena chimene chikusowa: phiko silikuoneka, mutu wabisika. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chithunzicho chikhoza kudikira zaka zisanu katswiri asanachione, ndipo palibe chimene chingaonongeke podikirapo.