Mukusirira Kusafa, Adzukulu Anga?

Adzukulu anga, ndamva kuti m'mafoni mwanumo mukuona anthu achuma a ku America amene akulimbana ndi ukalamba, ena mpaka kulota zosafa n'komwe. Mmodzi wa iwo, Bryan Johnson, amawononga madola pafupifupi 2 miliyoni pachaka pa madokotala, mapilitsi ndi kupimitsa thupi, ndipo nthawi ina anathiridwapo madzi a m'magazi a mwana wake. Mwati mukanakhala ndi ndalama zake mukanachita chimodzimodzi. Takhalani pansi kaye. Za moyo wosatha wakumwamba ndasiyira abusa ndi mashehe. Ine ndikunena za kukhalitsa m'thupi lomweli, la msana wowawali.

Munthu amene anakhalitsa kuposa onse, mwa anthu amene zaka zawo zili ndi umboni wa mapepala, ndi mayi Jeanne Calment a mumzinda wa Arles ku France. Anabadwa mu 1875 n'kumwalira mu 1997 ali ndi zaka 122. Anthu amasimba zakazo, koma sasimba maliro amene mayiwa analira. Mwana wawo mmodzi yekhayo anamwalira mu 1934, amuna awo mu 1942. Mdzukulu yekhayo anafa pangozi yapamsewu mu 1963. Kuchokera pamenepo anakhala zaka zina 34 opanda mwana, opanda mdzukulu, ndipo kumapetoko maso anali atachita khungu, makutu atagontha, akusungidwa kunyumba ya okalamba.

Pali ndi kankhani kena kamene kamandiseketsa. Mayiwa ali ndi zaka 90, loya wina, André-François Raffray, anapangana nawo kuti aziwapatsa ndalama mwezi ndi mwezi, iwo akadzatisiya iye adzatenge nyumba. Mkuluyo anaona ngati watola chikwama. Analipira zaka 30, mpaka anatsogola ndi iye mu 1995, nyumbayo asanagonemo ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo mkazi wake wamasiye anapitiriza kulipira.

Chimene simungachidziwe pamsinkhu wanuwo n'chakuti munthu safa tsiku limodzi. Amayamba kutha pamene anzake akutha. Limafika tsiku loti m'mudzi monse mulibe wokutchula dzina laubwana, mulibe wokuuza kuti “iwe, usaname, ndinalipo.” Aliyense amangogwada n'kuti “agogo, mwadzuka bwanji?” Ulemu ndi wokoma, koma sucheza. Ukayamba kusimba za njala ya 1949, mmene anthu ankakumbira mizu kutchire, ana amamvetsera mwaulemu maso ali pafoni. Pamaliro amakukhazika pampando wabwino, iwe n'kumawerenga mumtima kuti amene tinavinidwa limodzi tatsala angati. Tsono zimenezi muzichulukitse ndi zaka mazanamazana.

Ganizaninso za malo. Pakalembera wa 1966 m'Malawi munali anthu pafupifupi 4 miliyoni. Pa wa 2018 tinapitirira 17 miliyoni, koma nthaka sinakule ndi phazi lomwe. Inu mukukangana kale malire a kamunda kamene anasiya agogo anu. Nanga agogo a agogo anuwo akanakhala alipobe, atagwira khasu, akuti dimba ili ndi langa, inu mukanalima pati? Ufumu mukanalowa liti, mwini dzina ali gwa pampando? Nthochi ikabereka mkoko timaidula kuti ana ake apeze dzuwa, ndipo palibe amene amati taononga munda.

Dziko lino linalawako kale zoterezi. Mu 1971 Dr. Hastings Kamuzu Banda anapatsidwa upulezidenti wa moyo wawo wonse, ndipo tinkawatchula kuti Wamuyaya. Zabwino zimene anachita zilipo, sindikana, koma mpando wosasinthika unabala mantha, anthu n'kumanong'ona m'nyumba zawo zomwe. Pa referendamu ya 1993 anthu anasankha zipani zambiri, mu 1994 anavotera wina, ndipo mu 1997 Ngwazi inamwalira kuchipatala ku Johannesburg monga amwalira munthu aliyense.

Makolo athu ankati Chauta anatuma nanzikambe kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso, koma chifukwa cha kuyenda monyang'wa anapitiriridwa ndi buluzi, amene anafika msanga ndi uthenga wa imfa. Tili ana tinkamuda nanzikambe chifukwa cha nthanoyi. Lero ndikamuona akuwoloka njira ndimamulambalala mwaulemu.

Koma musandimve molakwa, ana inu. Kufa utakhuta masiku ndi kwina, kuthyoka uli mwana ndi kwina, ndipo kwachiwiriku ndimadana nako ndi mtima wanga wonse. Ife tinaona zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa m'ma 2000, pamene Edzi inkadula aphunzitsi, anamwino ndi anyamata a mphamvu zawo, opala mabokosi atandanda m'mbali mwa msewu, agogo akulera ana amasiye ndi manja onjenjemera. Nthawi imeneyo zaka zimene Mmalawi ankayembekezeka kukhala ndi moyo sizinkafika 50. Mankhwala a ma ARV atayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004 zinthu zinatembenuka, ndipo lero zakazo zapitirira 60. Zaka zowonjezekazi ndiye zofunika kuzimenyera nkhondo, chifukwa ndi zimene zimalola mayi kuona mwana wake akulemba mayeso a Fomu 4.

Choncho kayezetseni magazi, ndipo amene muli pamankhwala musadumphitse ngakhale mukumva bwino. Mukafika kuchipatala akupimeninso BP ndi shuga, matenda amene amagwetsa munthu akuoneka wonenepa bwino. Kachasu wa m'mamawa musiyeni. Gonani m'masikito, osati kukaphera usipa kunyanja. Ndipo inu a kabaza wa njinga zamoto, amene mumathamanga ngati munapangana ndi Chauta, chisoti chija sanakupatseni kuti chizilendewera pahandulo.