Mawu a Nkhondo Opanda Magazi

Ana athu kuno ku Chifunde amaphunzira mbiri ya nkhondo m'Cipwitikizi. Amaloweza mawu monga operação, baixas ndi aldeamento, mayeso n'kukhoza. Ine mawu amenewa amandidetsa nkhawa, cifukwa anacita kucapidwa.

Taonani aldeamento. Kungolimva, ungayese ndi mudzi wokonzedwa bwino. Koma FRELIMO itayambiranso nkhondo m'Tete mu 1968, Apwitikizi anasamutsa anthu mokakamiza, kuwasiyitsa minda ndi manda a makolo, n'kuwaunjika pamodzi pamaso pa asilikali kuti asamadyetse ankhondo a kuthengo. Ku Wiriyamu, kummwera kwa mzinda wa Tete, anthu mazana anaphedwa pa 16 Disembala 1972, koma kwa asilikali imeneyo inali Operação Marosca basi. Nalo baixas limawerenga akufa ndi ovulala osachula wowagwetsa.

M'Cinyanja ukati “anapha”, womvera amakudula pakamwa: ndani, anapha yani?

Sindikuti ana awasiye mawuwo. Wosawadziwa sangawerenge zimene atsamunda analemba za makolo ake. Koma mphunzitsi akalemba aldeamento pabolodi, ndimafuna mwana akafunse agogo madzulo kuti nkhokwe yawo ya cimanga anaisiyira yani.