Fizi Idasowanso ku Wimbe

Ana anga a ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni, tcherani khutu. Mtima umandiwawa kukuonani mutatsamira makonde a masitolo ku Limbe dzuwa lonse, maso pa foni, pakamwa pali nyimbo imodzi yakuti fizi idasowa.

Idasowanso kwa William Kamkwamba wa m'mudzi mwa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itakunga, bambo ake adalephera kulipira, mwanayo nasiya sukulu ku sekondale ya Kachokolo. Sadakakhale pamsika. Adalowa m'kalaibulale ka pa pulaimale ya Wimbe, nabwereka buku lotchedwa Using Energy. Chingerezi chinkamuvuta, komabe adakakamira pa zithunzi mpaka adamvetsa kuti mphepo ikazunguza mapiko, dainamo ya njinga itha kutulutsa magetsi.

Ali ndi zaka 14, adatola fani ya thirakitala pa dzala la zitsulo. Adang'amba mapaipi a pulasitiki, nawafewetsa pamoto mpaka adaphwathalala kukhala mapiko. Zonsezo adazimangirira ku njinga yakutha ya bambo ake, nazikweza pa nsanja ya mitengo ya bulugamu. Anthu ankati wapenga, ena ankati chamba chamuzunguza mutu. Babu lidayaka anthu omwewo akuona. Ngakhale maswitchi a m'nyumba adawasema kuchokera ku mapatapata otha.

Inu mumadziwa filimu ya 2019 yonena za iye ndi digiri yake ya ku Dartmouth College ya 2014. Ine ndikufuna muganizire zaka zimene zidapita nyuzipepala ya Daily Times ya kuno ku Blantyre isanalembe za iye mu 2006. Nthawi yonseyo adalibe sukulu, adalibe womulipirira, ankangokwera nsanja kukonza zimene mphepo yathyola. 

Nanga inu mwasowa chiyani? Laibulale ya National Library Service ili mumzinda muno. Zitsulo zakutha zili mbwee pamsika wa Ndirande, pomwe amisiri amakhoma mbaula ndi ndowa tsiku lililonse. Lolemba mulawire kwa mmodzi wa iwo, mupereke moni mwaulemu, mupemphe kumugwirira nyundo ngakhale asakulonjezeni malipiro.