Kutsetsereka kwa ku St. George

M'mawa wina m'mwezi wa Okutobala, kumapiri a ku Utah m'dziko la America othamanga amakhala akuotha moto kudakali mdima, kudikira kuti St. George Marathon iyambe. Ndi makilomita 42 pamsewu wa phula, wotsika mamita pafupifupi 800, wodutsa m'mbali mwa matanthwe ofiira a Snow Canyon. Ukamva kuti n'kotsetsereka, umayesa n'kophweka. Ayi ndithu. Phazi likangoponda pansi, ntchafu ndiye zimagwira mabuleki, mpaka pofika kumapeto zimangonjenjemera. N'chifukwa chake ozolowera amayamba mofatsa, kuponda pafupipafupi, kusungira mphamvu chikweza cha ku Veyo, chomwe chimafooketsa ambiri oyamba ndi liwiro.