Kodi Luso Lili ndi Mwini Wake?

Kuno kwa Chisemphere, m'boma la Kasungu, alimi akale pofika nthawi yodula nsonga za fodya ankasiyako mitengo ingapo yamphamvu kuti ichite maluwa. Masamba a mitengo yotere sankalemera pasikelo, koma m'maluwa akewo ndimo munkachokera mbewu yofesa panazale chaka chotsatira. Mwambo umenewu utithandize kusinkhasinkha funso lovuta: kodi munthu waluso, monga woimba, ali ndi ufulu wogulitsa luso lake lonse ndi kupita nalo kumanda, kapena ali ndi mangawa kwa obwera m'mbuyo mwake?

Tiyeni tiyambe ndi mwana wa dziko lathu lino, malemu Donald Kachamba a m'mudzi mwa Singano kufupi ndi Chileka. Iwowa adayamba kuliza chitoliro akali mnyamata, potsata mkulu wawo Daniel, katswiri wa gitala. Nyimbo zawo zinali za kwela, zimene zidafika kuno kuchokera ku South Africa. M'chaka cha 1967 abale awiriwa adakumana ndi Gerhard Kubik, wofufuza nyimbo wa ku Austria, ndipo patapita zaka zowerengeka mbiri yawo idamveka mpaka kutsidya kwa nyanja. Daniel atamwalira mu 1987, Donald sadapachike chitoliro. Ankasonkhanitsa anyamata a m'mudzi nawaphunzitsa, ndipo mu 1999 adakaphunzitsa ophunzira a pa yunivesite ya California ku Los Angeles. Iwo adatisiya mu Januwale 2001, koma gulu lotchedwa dzina lawo lidapitiriza kuimba kwela, pakuti mbewu inali itafesedwa kale.

Kutali ndi kwathu, kummwera kwa dziko la India, kuli mwambo wakale wa nyimbo wotchedwa Carnatic. Kumeneko vayolini, amene tingati ndi mbale wake wa kaligo wathu koma wa nsambo zinayi, adafika ndi Azungu. Eni dziko adamlandira nayamba kumliza atakhala pansi, mutu wake utatsamira pa kakolo. Mmodzi wa akatswiri ake anali T. N. Krishnan, wobadwira ku Tripunithura mu 1928. Adaphunzira kwa bambo ake, naimba pagulu ali ndi zaka 11 zokha. Kwa zaka zambiri ntchito yake inali yoperekeza: woimba pakamwa amatsogola, ndipo wa vayolini amamvetsera nabweza mawuwo ndi nsambo zake. Atatchuka sadaleke kuphunzitsa, poyamba ku sukulu ya nyimbo ya ku Madras, kenaka ku yunivesite ya Delhi. Pomwalira mu 2020 adasiya ophunzira ambiri, ndi ana ake awiri olizanso vayolini.

Anthu awiriwa, a mitundu ndi zinenero zosiyana, akutiphunzitsa chinthu chimodzi. Palibe mwa iwo amene adadzipangira yekha luso lake: wina adalandira kwa mkulu wake, wina kwa bambo ake, ndipo ngakhale zida zawo zinali zobwera. Chimene munthu wachilandira kwaulere kwa amene adamtsogolera sangachiyese chuma cha iye yekha. Popeza sangabwezenso kwa akufa, mangawa akewo amalipira kwa ana.

Tisafulumire komabe kuweruza amene amabisa luso lake. Woimba wa kumudzi ndi mmphawi, ndipo nyimbo ndiyo khasu lake. Akaphunzitsa mnyamata lero, mawa mnyamatayo ndiye aitanidwe kuukwati, mphunzitsi n'kugona ndi njala. Mantha amenewa ndi oona, monganso n'zoona kuti mtengo wa fodya wosiyidwa kuti ubale mbewu umachepetsa ndalama za kuokushoni. Kuphunzitsa n'kutayadi kanthu. Koma makolo adati kupatsa n'kuika, ndipo mlimi wogulitsa zonse osasunga mbewu amalemera chaka chimodzi chokha.

Pano mpamene mlandu ukutigwera ifenso. Ngati woimba ali ndi mangawa kwa ana athu, nafe tili ndi mangawa kwa iye. Kangati tidamvinira usiku wonse n'kumlipira ndi chipanda cha mowa? Kangati tidakalipira mwana pomuona akusema kaligo, tikumati nyimbo ndi ntchito ya alesi, apite akasoke fodya m'chigafa? Mphunzitsi sangafese popanda nthaka, ndipo nthakayo ndi ana amene ife timawaloleza kapena kuwaletsa.

Tsono tiyang'ane m'midzi mwathu. Ngati mudakali nkhalamba yodziwa kuliza kaligo kapena bangwe, tisadikire tsiku la maliro ake kuti tiyitamande. Tiyitumizire mwana madzulo ano, atanyamula kankhuku m'manja, kuti akakhale pamapazi ake ndi kumvetsera.